Jekete ya Aneba Athu

Aneba athu a ku Area 4 amajambula zithunzi anthu omanga maofesi a likulu latsopano. Panjinga yawo pamakhala kamera ndi jekete imodzi yakuda. Wonyamula njerwa aliyense amayamba wasamba simenti, kenako n'kubwerekedwa jeketeyo.

"Tulutsani kamimba, achimwene," amatero anebawo. "Bwana sakhala woonda."

Chaka chatha Efelo ndi Jobu, anyamata amene ndinawaphunzitsa ku Mitundu, anatumiza zithunzi zawo kwa Naphiri, namwali amene onse awiri ankamufuna. Naphiri atazigundaniza, anaona kuti mabwana onsewo akusowa batani pamalo amodzimodzi.

"Amalume," anatero kwa ine, "mukandifunire mwini wake wa jeketeyi."

Lero amene amachapa jeketeyo ndi Naphiri, ndipo batani lija analisokerera. Anyamata anga aja anabwera kuukwati, ndipo anajambulidwa ali m'malaya okha.