Ndinapempha alamu anga kuti achoke pa mpikisano

Chaka chimene chisankho cha kumudzi chinatisiya titayambana, bungwe lathu la Amalawi okhala ku Indiana linatsala pang'ono kugawika. Ndi bungwe limene limatisonkhanitsa pa maliro, pa maukwati ndi pa tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu. Ine ndinkakhala ku South Bend, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndinali mlembi wa bungwelo.

Mkangano unayambira pa gulupu ya pa foni. Wina anatumiza chithunzi chonyoza mtsogoleri wa chipani china, wina anayankha potukwana mtundu wa mnzakeyo, ndipo pofika Lamlungu anthu okhala benchi imodzi m'tchalitchi anali atasiya kupatsana moni. Funso loti "Kwanu n'kuti?" kale tinkalifunsa pocheza. Tsopano munthu akakufunsa, unkayamba waganiza kaye.

Bambo wina wa ku Speedway, wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ananena poyera kuti tisanamizane, sitigwirizana, aliyense akhale ndi bungwe la anthu akwawo. Anaima pa mpando wa wapampando ndi lonjezo limenelo, ndipo anthu otopa ndi kukangana anamutsatira onse pamodzi.

Ife ofuna bungwe limodzi tinalipo ambiri, koma tinali ndi anthu awiri opikisana. Woyamba anali alamu anga, amuna a achemwali anga, ophunzitsa pa yunivesite. Wachiwiri anali mayi wina namwino wa ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis, amene sankasowa pa siwa iliyonse. Ndinatenga mndandanda wa mamembala n'kuwerenga dzina ndi dzina. A ku South Bend akanavotera alamu anga, a ku Indianapolis akanavotera namwinoyo, ndipo bambo wa ku Speedway akanadutsa pakati pawo bwinobwino.

Loweruka masana ndinapita kwa achemwali. Ndinawapeza alamu akuchotsa chipale pakhomo ndi fosholo.

"Alamu, ndabwera ndi nkhani yovuta."

"Nenani."

"Mukaima nonse awiri, tiluza tonse. Ndikupempha kuti muwasiyire amayi aja."

Anazika fosholo m'chipale n'kuitsamira. Anandiyang'ana nthawi yaitali moti ndinayamba kumva kuzizira m'zala za kumapazi.

"Bungwe limeneli linayambira pabalaza panga, inu musanabwere n'komwe kuno. Ku eyapoti anakakutengani ndani?"

"Ndinu, alamu."

"Ndiye lero akutumani a ku Indianapolis?"

"Sananditume munthu. Ndawerenga mayina. Owatsatira amayi aja ndi ochuluka, ndipo akumpoto ndi akumwera omwe amawamvera."

"Ine sandimvera?"

Anazula fosholo ija n'kupitiriza ntchito ngati palibe munthu. Achemwali anali ataima pa zenera. Nditalowa m'nyumba sanandipatse mpando. Anangoti, "Wandichititsa manyazi pakhomo panga. Mwamuna amene anakusunga miyezi yonse ija."

Sabata yathunthu foni yanga sinalire kuchokera kunyumba imeneyo. Kenaka alamu analemba mzere umodzi pa gulupu, kuti achoka pa mpikisano. Sanatchule chifukwa, sanauzenso anthu awo woti amuvotere.

Ndinkaganiza kuti chovuta chatha, koma chinali chitangoyamba. Anthu a ku South Bend anakwiya. Ankati ngati munthu wathu sakuima, tikadiraivirenji maola atatu? Malamulo a bungwe ankafuna kuti aliyense akavote yekha, pamaso, mu holo ya tchalitchi ina ku Indianapolis. Anthuwa akanangokhala kunyumba, ndiye kuti alamu ndinawapweteka pachabe.

Ndinayamba kuimba mafoni pa nthawi ya buleki, nditakhala m'galimoto kuti anzanga a ku ntchito asandimve. Ena sankayankha. Ena ankandiuza kuti ndagulitsa m'bale wanga. Mayi wina wa ku Mzimba anati, "Ndili ndi dabulo shifiti tsiku limenelo. Ndipo kuvota kunandipatsapo chiyani ine?"

"Amayi, mwana wanu atabadwa masiku asanakwane, amene ankasinthana pokudikirirani kuchipatala anali a ku Mulanje ndi a ku Dedza. Tikagawana, tsiku lina adzabwera ndani?"

Anangoti, "Ndiona," n'kudula foni. Sindinadziwe ngati ndawakopa kapena ndawakhumudwitsa.

Ndinabwereka vani ya kutchalitchi kwathu. M'mawa wa tsiku lovota chipale chinali chikugwa kuyambira mbandakucha. Ndinaima pamalo amene tinapangana, injini ikulira, mipando yonse ilibe anthu. Anayamba kufika mmodzimmodzi, ena akadali mu yunifolomu ya kuntchito. Mayi wa ku Mzimba uja anafika womaliza, sanandipatse moni, anangokhala kumbuyo n'kumanga lamba.

Msewu unali woterera. Titayandikira ku Kokomo tinapeza lole itapingasa, magalimoto ali mzere wautali. Tinakhala pamenepo pafupifupi ola. Bambo wina ankangoyang'ana wotchi n'kupumira m'mwamba.

Tinafika nthawi yotseka itangokwana kumene. Bambo wa ku Speedway anali pakhomo la holo.

"Nthawi yatha," anatero. "Malamulo ndi malamulo."

Abusa amene tinawasankha kuti ayang'anire chisankho anatuluka, anatiyang'ana tonse titanyowa, nati, "Chitseko sindinatseke. Amene ali pakhomo alowe."

M'holomo anthu anali atakhala magulu awiri, pakati patatsala mipando yopanda munthu. Kumbuyo kwenikweni ndinaona alamu ndi achemwali. Anabwera pa galimoto yawo osandiuza. Alamu sanandiyang'ane.

Itakwana nthawi yowerenga ndinapita kutebulo monga mlembi, koma bambo wa ku Speedway uja anaimirira. "Mayi awa akhala akukopa anthu. Asagwire pepala." Ankanena zoona. Ndinachoka n'kukaima kukhoma.

Abusa ankatambasula pepala lililonse n'kuwerenga mokweza. Dzina la bamboyo linatuluka kanayi motsatizana, ndipo mbali yawo inayamba kunong'onezana. Kenaka la namwino, kenaka la bamboyo. Ndinasiya kuwerengera, ndinangoyang'ana mapepala akuchepa m'bokosi. Pomaliza namwino anapambana ndi mavoti oti n'kuwerenga pa zala za dzanja limodzi.

Panalibe nthungululu. Bambo uja anamugwira chanza namwinoyo n'kutuluka, ndipo mabanja angapo anamutsatira. Patapita miyezi iwo anayambitsabe kagulu kawo, ndipo ena mpaka lero sanabwerere.

Panja, ndikupala chipale pa galasi la vani, alamu anafika n'kuyang'ana matayala.

"Matayala awa atha," anatero. "Muzibwera pambuyo panga, ndiziyenda pang'onopang'ono."

Ndinawatsatira mpaka ku South Bend. Atafika pokhotera kwawo anangoimika dzanja pa zenera n'kukhota. Achemwali anadzayamba kundilankhula pa Pasaka. Amene alamu anamuvotera tsiku lija sindinawafunsepo.