Galimoto Yonyamula Chiliza cha Mwana Wathu

Mwana wathu wamwamuna anaikidwa m'manda ife kulibe. Anali sikauti wa m'mudzi, mmodzi mwa aja oyenda m'thengo la Lupande kuzula misampha ya waya, ndipo njati imene inavulazidwa ndi msampha inakumana naye n'kumupha mvula ili pachimake. Ife tinkakhala tsidya lino, kufupi ndi msewu wopita ku bwalo la ndege la Mfuwe, kumene tinakhazikika titachoka kumtunda. Iye anakwatira kumbali ya ku Msoro ndipo ankakhala kwawo kwa mkazi wake. Njira ya kumudziko imadutsa mu mtsinje wa Lupande pamalo popanda mlatho, ndipo sabata imeneyo madzi anali atasefukira mpaka m'minda. Akuchikazi anatidikira tsiku limodzi ndi theka. M'chigwa muno, ndi kutentha kwake, mtembo sudikira kuposa pamenepo. Sindinawaimbepo mlandu.

Madzi ataphwa ndinapempha amuna anga kuti tikwere njinga zamoto tikaone manda. Anandiyankha ali chiweramire, akumanga nsapato.

"Sindingapite kwa mwana wanga chimanjamanja, mayi. Ndidzapita ndi chiliza, ndipo ndidzachinyamula ndekha."

Ndikanatha kupita ndekha, ndipo anzanga a kutchalitchi anandiuza choncho. Koma ndinaganizira za akuchikazi. Ndikanafika ine ndekha, akanafunsa kuti bambo ali kuti, ndipo yankho lililonse limene ndikanapereka likanawavula amuna anga pamaso pa anthu amene anatisungira mwana. Choncho ndinadikira. Mwala anakagula ku Chipata, wakuda, wolemera kotero kuti amuna anayi anavutika kuutsitsa pa lole. Unatsamiritsidwa kukhoma la pabalaza, ndipo ndinaufunditsa chitenje.

Tinali ndi galimoto yakale, yaitali kumbuyo, ya mtundu uja amautcha siteshoni wagoni. Inatinyamulira mtedza, mbuzi ndiponso odwala a m'dera lathu kwa zaka zambiri, koma inali yofupika miyendo, ndipo magudumu akumbuyo okha ndiwo ankakoka. Amuna anga, amene anayendetsa malole a thonje moyo wawo wonse, anati momwe inaliri sikanafika ngakhale theka la ulendo. Anaiika pa njerwa pansi pa mtengo wa mango ndi kuyamba kuikonza.

Poyamba anagwira masipuling'i akumbuyo. Anapeza ena a galimoto yonyamula katundu imene inafera pa garaja ina, nawasula tsamba ndi tsamba, ndipo masamba awiri mbali iliyonse anawaphatikiza pa athu kuti kumbuyo kusafwamphuke ndi kulemera kwa mwala. Galimoto inakwera msinkhu wa chikhatho, koma inapendekera kumanzere. Anamasula zonse nayambiranso. Kutsogolo anaikako timiyendo tachitsulo kuti kufanane ndi kumbuyo. Kenaka anadula chitsulo chochindikala kuchokera ku thanki yakale ya madzi, nachimangirira pansi pa injini kuti miyala ndi zitsa zisaboole. Mpando wakumbuyo anauchotsa, nayala matabwa ndi zidutswa za matayala akale pamene mwala udzagone. Anandiitana kuti ndidzagonepo ine, ayese ngati pakugwedera. Ndinagonapo, ndikuyang'ana denga la galimoto, ndipo sindinawauze chimene ndinkaganiza.

Matayala anagula otha pang'ono, aakulu, a mano okhuthala, ochokera ku magalimoto onyamula alendo odzaona nyama. Sanakwane m'malo mwake, ndiye anaitana wowotcherera wa pamsika kuti adule malata a m'mbali. Munthuyo anali wa pakamwa, ndipo ankawaseka amuna anga monga momwe ena sankayerekezera.

"Madala, motoka iyi mufuna iziuluka? Ndege zili pa eyapoti apo, pitani mukaiimike pa mzere."

"Iwe wotcherera, usiye kulalikira. Msoko wako wa dzulo uja ukuoneka ngati anatafuna ndi fisi."

"Fisiyo ndiye adzakukankhani mukatitimira, ine kulibe!"

Amuna anga ankaseka, ndipo ine ndikamva kusekako ndili kukhitchini ndinkathokoza Mulungu, pakuti m'nyumba sankaseka. Masiku amenewo ndinkakhulupirira kuti ntchitoyo inali kuwachiritsa.

Nditaona kuti matayala alowa ndinachapa zovala za ulendo. Koma iwo anayamba china. Anatenga paipi ya pulasitiki naikweza m'mbali mwa galasi lakutsogolo mpaka kudenga, kuti injini izipumira m'mwamba ikalowa m'madzi. Ndinafunsa mwaulemu kuti madziwo tikawapeza kuti, popeza tinkapita m'chilimwe mtsinje uli mchenga wokhawokha.

"Galimoto amaikonzera chimene sunachione," anatero.

Paipiyo inadya masabata atatu. Itatha anati mabuleki sakuwakhulupirira. Mabuleki atatha kunagwa mvula yoyamba, dothi lamakande linasanduka phala, ndipo chaka chinapita.

Mpongozi wanga, mkazi wa malemuyo, ankandiimbira foni Lamulungu lililonse. Ankati, "Mwaswera bwanji, amayi? Nanga atate ali bwanji?" Ankandiuza za thonje lake ndi za njovu zimene zinalowa m'munda wa mapira. Sanafunsepo kuti tidzabwera liti, ndipo kusafunsako kunkandilasa kuposa funso. Ine ndinkati, "Atate akukonza galimoto," iye n'kuti, "Chabwino, amayi." Loweruka lililonse ndinkavundukula mwala ndi kuupukuta fumbi, kuyambira pa dzina mpaka pa mawu a m'munsi amene amuna anga anasankha okha.

Chilimwe chachiwiri anayamba kunena za kusintha masipuling'i akutsogolo. Tsiku limenelo ndinachita chimene sindinachitepo pa ukwati wathu wonse. Ndinapita pansi pa mango, ndinakhala pa njerwa pafupi ndi miyendo yawo imene inatulukira kunsi kwa galimoto, ndipo ndinalankhula osadikira kuti atuluke.

"Bambo, ndatopa kupukuta dzina la mwana wanga pabalaza. Ndikufuna ndikalione pamene iye wagona."

Sipanala inasiya kulira. Kenaka anati, "Loweruka likubwerali. Auzeni asewere."

Asewere amenewa anali amalume ake a mpongozi wathu, ndipo ndiwo anayendetsa maliro. Anali munthu wa m'chigwa weniweni, wolankhula Chikunda kwawo ndi Chinyanja kwa ife, wosamala mawu.

Tinanyamuka sikisi koloko m'mawa, mwala uli kumbuyo pamodzi ndi matumba awiri a simenti. Ndiyenera kunena zoona za galimotoyo: inayenda bwino. Tinasiya msewu waukulu ndi kulowa m'nkhalango ya tsanya, momwe mapazi a njovu anaumira m'dothi ngati mitondo, ndipo inadutsamo osagunda mimba. Pa chigwembe china mwala wa m'njira unamenya chitsulo chija pansi pa injini, chinalira ngati belu, ndipo amuna anga anandiyang'ana ndi nkhope ya mnyamata. Koma tikuyandikira mtsinje anayamba kuima pafupipafupi. Ankatsika, n'kugwira tayala lililonse, n'kusuzumira pansi, n'kubwerera m'galimoto. 

Tinafika pa Lupande cha m'ma teni. Asewere anali kutidikira pagombe ndi amuna asanu ndi awiri a m'banja lawo. Tinatsika, tinapatsana moni wa m'manja, ndipo anatipepesa ngati maliro achitika dzulo. Mtsinjewo pamenepo ndi wotambalala, mchenga woyera wofewa, wotentha kale pa ola limenelo. Amuna anga anabwerera m'galimoto okha, naitsitsira mumchenga. Inayenda mwina mikono makumi awiri, kenaka magudumu akumbuyo anayamba kuzungulira pamalo amodzi. Iwo anapondabe mafuta. Mchenga unauluka, mano a matayala aja anakumba ngati makasu, ndipo galimoto inakhala pansi ndi mimba yake. Anthu anakankha, anakumba ndi manja, anayala nthambi. Inangotitimirabe.

Asewere anabwera kwa ine, nanjuta pambali panga, nalankhula motsitsa.

"Amayi, ine sindingawaphunzitse asewere anga galimoto, ndiponso pa tsiku ngati lino. Koma matayala awa ngolimba kwambiri. Kuno pa mchenga timaphwetsako mpweya kuti tayala liphwanthalale, ndipo imatuluka yokha. Mwina mukawauza inu."

Ndinapita pa zenera ndi kuwauza monga ngati ndi maganizo anga. Sanandiyang'ane.

"Tayala lophwa limang'ambika," anatero. "Ndiponso pampu ndaiwala kunyumba. Tikaphwetsa tibwerera bwanji?"

Ndinabweza mawuwo kwa asewere. Iwo anayang'ana pansi nati, "Ali ndi mfundo." Kenaka anatuma anthu kukadula mitengo iwiri ya tsanya ndi luzi. Anatsitsa mwala, naumanga pakati pa mitengoyo ndi chitenje changa chomwe, amuna anayi anausenza pa mapewa, awiri nasenza simenti. Kumudzi kunali ulendo wa ola limodzi wapansi.

"Tiyeni, bambo," ndinatero.

"Galimoto singasiyidwe yokha mumtsinje. Tsogolani, ndikupezani."

"Munthu mmodzi atsala nayo, asewere," anatero amalume aja. "Palibe angaikhudze kuno."

"Ndikupezani," anabwereza.

Ndinawapemphanso kachitatu, ndikugwira chitseko. Anali atayang'ana kutsogolo, tsidya lija. Onyamula mwala anali ataima padzuwa ndi katundu pa mapewa. Ndinasiya chitseko ndi kuwatsatira.

Za kumanda sindilemba zambiri. Mtumbira unali utatsika, ndipo mpongozi wanga anali atauzinga ndi njerwa zimene anaumba yekha. Anandikumbatira m'miyendo, nalira, kenaka anasuzumira kumbuyo kwanga. Ndinati, "Atate atsala ndi galimoto, akubwera." Mmisiri wodzaimika mwala anakanda simenti pang'onopang'ono kuposa momwe ntchitoyo inkafunira, ndipo ndinadziwa kuti asewere anamuuza kuti achedwetse. Azimayi anaimba nyimbo zonse zimene ankazidziwa, nayambiranso. Munthu aliyense akamva tsamba kuthyoka ankatembenukira kunjira. Dzuwa litapendeka asewere anandiyang'ana, ine ndinagwedeza mutu, ndipo mwala unaimikidwa. Ndinawerenga ndekha mokweza mawu a m'munsi aja, onena kuti atate ake ndi amayi ake sadzamuiwala.

Asewere anandiperekeza kubwerera kumtsinje. Titatulukira pagombe tinaona kuti galimoto mulibe mumchenga. Inali tsidya lija tinachokera, pamtunda, itayang'ana kwathu. Mumchenga munali mikwasa yotambalala ya matayala ophwa, yobwerera chambuyo mosakumba paliponse. Amuna anga anali pambali pa gudumu lakumbuyo, akuponda pampu ya phazi.

Asewere anayang'ana mikwasayo, nayang'ana pampuyo. Anawoloka nane, nagwira dzanja la amuna anga ndi manja onse awiri.

"Ntchito yatheka, asewere. Muyende bwino."

Sanawonjezerepo liwu, ndipo chifukwa cha chimenecho ndidzawalemekeza mpaka imfa yanga.

Tinauyamba ulendo wobwerera kwathu. Kumbuyo kopanda mwala kunkadumpha pa dzenje lililonse, pakuti masipuling'i aja anapangidwira katundu. Tili pakati pa nkhalango amuna anga anafunsa, maso ali panjira.

"Pali mthunzi pamenepo?"

"Pali msikidzi waukulu. Masana onse mthunzi umakhala pa iye."

"Sankakonda dzuwa," anatero. Anaimitsa galimoto pakati pa njira, natsamiritsa mutu pa chiwongolero, ndipo analira monga sanalirire tsiku lija la uthenga wa maliro. Ndinakhala manja ali pamiyendo. Ndinali ndi mkwiyo wa zaka ziwiri zimene anandidikiritsa, ndipo sindinapeze poutula.

Sindinawafunse za pampu, tsiku limenelo kapena lina. Nyengo yozizira yotsatira anadwala chibayo namwalira, asanawolokenso Lupande. Mpongozi wanga anabwera ku maliro, nagwira ntchito zonse za mwana wa pakhomo. Anthu atabalalika anandipeza ndili ndekha kuchipinda, nagwada pakhomo, nafunsa chimene anachisunga nthawi yonseyo.

"Amayi, kodi atate anapita ali chikwiyire nafe, poti tinaika mwana wawo iwo kulibe? Kwathu anthu amati n'chifukwa chake anakana kuponda pamudzi pathu."

Pamenepo ndinaona kuti ulemu umene ndinkasungira amuna anga unali kulemera pa mutu wa mwana wa eni. Ndinamuuza kuti adzuke akhale pa bedi pafupi ndi ine, chimene anali asanachitepo.

"Sanakukwiyireni, mwananga, ngakhale tsiku limodzi. Ankadziwa kutulutsa galimoto mumchenga asanabadwe amuna ako. Chimene sanathe n'kuima pa manda a mwana wawo. Ukawauze amalume ako kuti ndanena ine."

"Amalume anandiuza kuti ndisadzafunse," anatero.

"Wachita bwino kufunsa," ndinatero, ndipo tinakhala pamenepo mpaka wina anatiitana kuti tikatsanzikane ndi alendo otsala.