Bondo la Murdo ndi Malonje a ku South Bend

Sitima inafika ku South Bend kutada kale. Nthawi inali sikisi koloko chabe, koma mu Novembala dzuwa la ku Indiana limaweruka msanga. Panja sinowo anali mbuu.

Womaliza kutsika anali mzungu wamtali, chikwama chimodzi paphewa. Dzina lake Murdo Kinloch. Zaka 28. Kwawo ku Greenock, ku Scotland. Ntchito yake mpira. Kapena tinene kuti inali ntchito yake mpaka m'mawa wa tsikulo, pamene timu ina ya ku Chicago, itamuyesa masiku atatu, inamugwira chanza n'kumuuza kuti ayende bwino.

Inali timu yachisanu ndi chitatu kumutsanzika. Chaka chinali 2014.

Inu amene mwatopa ndi kukanidwa, kokani mpando. Nkhaniyi ndi yanu.

Murdo sanayambire pansi. Anayambira pamwamba. Ali ndi zaka 18 anasewera kumbuyo, nambala faifi, pamaso pa anthu zikwi makumi atatu. Nyuzi zinalemba dzina lake. Bambo ake, amene ntchito yokhoma zombo inawathera kalekale, anadula chithunzicho n'kuchimata pafiriji.

Chaka chotsatira bondo lamanja linalira kuti thwa. Ali m'chipinda chovalira, wosewera wina wamkulu anamunong'oneza: "Mwana iwe, amene wagona pa tebulo la dokotala, jezi yake amavala wina. Akakufunsa, uzinena kuti uli bwino."

Murdo anamvera. Zaka zisanu ndi zinayi. Bandeji m'mawa, mapilitsi masana, kumwetulira pamaso pa kochi. Liwiro linkachepa. Matimu ankacheperanso. Masitediyamu anasanduka mabwalo a matope, owonerera mazana awiri ndi galu mmodzi. Kenako Chicago. Kenako sitima ija.

M'thumba munali kapepala. Mayi ake analembapo nambala ya foni ndi mawu atatu: "Zikavuta, imbira Alufeyo." Murdo anamuimbira asanakwere sitima.

Alufeyo anali Mmalawi wa ku Zomba. Mu 1998 anapita kukaphunzira ku Scotland, ndipo mpingo unamupezera chipinda kunyumba kwa makolo a Murdo. Anakhalako chaka chathunthu. Tsopano ankagwira ntchito ya makompyuta pa yunivesite ina ku South Bend. Iye ndi Murdo ankalankhulana Chingerezi, koma ine ndizinena m'chathu.

"Iwe Murdo!" anakuwa Alufeyo akutsika galimoto. "Kamwana kaja kanandiswera zenera ndi mpira? Wakula chonchi ndi chilolezo cha ndani?"

Murdo anayesa kuseka. Sizinatuluke bwino.

Kunyumba anawalandira Flora, mkazi wa Alufeyo. Anali atangoweruka shifiti kunyumba yosamalira okalamba, kumene ankaphunzitsa agogo othyoka chiuno kuyendanso. Analandira chikwama. Analoza mpando. Anabweretsa tiyi. Palibe anafunsa kanthu mpaka mlendo atakhala bwinobwino.

Kenako Alufeyo anawomba m'manja pang'ono. "Kwathu timati malonje. Mlendo amafotokoza. Wachoka bwanji, wayenda bwanji, wasiya anthu ali bwanji, iwe mwini uli bwanji. Tikumva."

"Zonse zili bwino," anatero Murdo.

Alufeyo ndi Flora anadikira. Panalibe china.

"Basi?" anafunsa Flora.

"Basi."

Koma Flora anaona mmene mlendoyo ankatsikira masitepe opita kuchipinda chapansi. Cham'mbali, ngati nkhanu. Mwendo wamanja patsogolo, dzanja litagwira khoma.

Chitupa cha Murdo chinkamulola kukhala ku America masiku 90. Mu Febuluwale timu ina ya ku Indianapolis inali ndi mayeso a osewera atsopano. Umenewo unali mwayi womaliza. Akalephera, ndege, Greenock, mpira watha.

Tsiku lililonse Flora ankafunsa, "Mwadzuka bwanji, alamu?" Murdo anaphunzira msanga yankho. "Ndadzuka bwino." Kenako ankamanga bandeji, kumeza mapilitsi awiri, n'kukathamanga pamsewu woterera. Pobwera nkhope ili gwa.

Lamlungu lachiwiri, atatuluka m'tchalitchi, Amalawi anadzaza m'nyumbamo kudzaona mlendo. Manesi, ana asukulu, oyendetsa mathiraki. Wina aliyense ankabwera payekha, kugwira chanza, kufunsa. Alufeyo ankamasulira.

Anafika a Lameck, mkulu wa mpingo, woyendetsa basi ya sukulu. Murdo anayesa Chichewa chake. "Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Aa, tadzuka, mwana wanga. Koma msanawu wokha. Lachitatu ndimachotsa sinowo pakhomo ndi fosholo, ndiye wandigwira apa, kutsika mpaka mwendo. Usiku sindikugona. Adokotala andibukira Lachisanu."

Nyumba yonse inati, "Pepani, pepani." Wina anawapatsa pilo. Wina anati Lachisanu awadropa kuchipatala. Mnyamata wa thiraki anati sinowo wa pakhomo pawo azichotsa ndi iye mpaka Malichi.

Murdo anangoti kukamwa yasa. Munthu wamkulu, pagulu, kunena poyera kuti thupi lamukana? Ndipo palibe amene wamulanda mpando?

Alendo atapita, Flora anakhala moyang'anana naye.

"Alamu, kuno ku America munthu akakufunsani, amakhala akudutsa. Kwathu tikafunsa, taima. Masabata awiri mwakhala mukundinamiza m'nyumba mwanga, m'chilankhulo changa. Ndikufunsaninso. Mwadzuka bwanji?"

Murdo anapinda buluku. Anamasula bandeji. Bondo linali lotupa ngati papaya.

Analankhula ola lathunthu. Za tsiku limene linalira. Za tebulo la dokotala limene ankalizemba. Za chithunzi chapafiriji chimene chinasanduka chachikasu bambo ake akudikirabe china. Pomaliza analira, mwamuna wamtali ngati chitseko.

"Eya," anatero Alufeyo. "Amenewo ndiye malonje."

M'mawa mwake Flora anamutengera kwa dokotala wa mafupa. Chithunzi chinaonetsa zoona. Bondo linali lotha mbali imodzi, koma silinafe. Chimene chinafa ndi minofu yolizungulira, chifukwa zaka zonsezo Murdo ankadalira mwendo umodzi. Dokotala analamula: kuthamanga ayi, mapilitsi ayi, mpira ayi, masabata asanu ndi limodzi.

"Ndiye ndizitani?" anafunsa Murdo.

"Zimene amachita agogo anga," anatero Flora.

Anayamba. Kukhala pampando, kuimirira. Kukhala, kuimirira. Kukweza mwendo ndi kalamba ka mphira. Kuima mwendo umodzi atagwira sinki. Munthu amene anaimbiridwapo nyimbo ndi anthu zikwi makumi atatu ankawerenga mpaka teni m'chipinda chapansi, pafupi ndi makina ochapira.

"Agogo a zaka 84 akukuposani, alamu," ankatero Flora. "Iwo safinya nkhope."

Sizinayende mowongoka. Sabata yachitatu anazemba, anakathamanga, bondo linatupanso. Anabwerera akutsimphina, manyazi ali tho. Flora anangofunsa funso lake lija. Murdo anayankha zoona. Anayambiranso pa wani.

Khirisimasi inadutsa. Januwale anayamba kuthamanga pang'ono m'holo ya tchalitchi. A Lameck, msana utachira, ankamuponyera mpira akunena kuti iwo pa unyamata wawo ku Ndirande akanamudutsa ngati mtengo. Kumapeto kwa mweziwo Murdo anatsika masitepe choyang'ana kutsogolo, manja m'thumba. Sanazindikire n'komwe. Flora ndiye anaimba nthungululu.

Febuluwale anafika. Alufeyo anamuyendetsa maola atatu kupita ku Indianapolis. Anamusiya ku Beech Grove, pafupi ndi mzindawo, kwa msuweni wa Flora, iye n'kubwerera. Mayeso anali m'bwalo lofoleredwa. Anyamata makumi asanu ndi limodzi, ambiri ongotuluka kumene ku koleji, miyendo ngati agwape.

Tsiku loyamba kochi, bambo wa imvi wosaseka, ankaitana mmodzimmodzi. Anayang'ana pepala la Murdo.

"Matimu ambiri awa. Thupi lili bwanji?"

Yankho lakale linafika pamilomo lokha. Zaka zisanu ndi zinayi likutuluka osaganiza. Anangotsala pang'ono kulinena.

"Bondo lamanja ndi lotha mbali imodzi," anatero Murdo. "Ndinalibisa kuyambira ndili ndi zaka 19. Miyezi itatu iyi ndalisamala. Mphindi 60 ndikupatsani zonse. Mphindi 90 ndinganame. Masewero awiri pa sabata sindingathe. Kalata ya dokotala nayi."

Kochi anawerenga. Analemba kanthu. "Lero ndi mawa ukhala panja," anatero.

Murdo anakakhala pabenchi. Mumtima anati basi, uja wa m'chipinda chovalira ananena zoona. Ndadzipha ndi pakamwa panga. Madzulo anauza Alufeyo pafoni kuti ayambe kuyang'ana ndege.

"Ndege sithawa," anatero Alufeyo. "Mawa upite. Ukakhale pabenchipo ngati munthu."

Anapita. Ndipo pabenchipo anaona zimene othamanga sankaona. Anyamata akumbuyo anali ndi liwiro koma analibe maso. Onse ankathamangira mpira, kusiya mpata ngati msewu. Murdo anapirira mphindi khumi. Kenako anapezeka waimirira pamzere.

"Faifi, bwerera! Usamutsate, mudikire! Thuu, tseka mkati! Lankhulanani, kodi muli pamaliro?"

Anyamatawo anamvera, mwina chifukwa cha mantha. Zigoli zinasiya kulowa. Kochi anatembenuka kamodzi, n'kuyang'ananso kutsogolo.

Tsiku lachitatu anamupatsa mphindi 45. Murdo sanathamange kwambiri. Ankangopezeka pamene mpira ukubwera. Mutu, chifuwa, phazi. Palibe anadutsa.

Atamaliza, kochi anamuitana. "Ndinakukhazika kuti dokotala wathu aone kalata ija. Akuti zimene unanena n'zimene zilipo, osachotsa, osawonjezera. Wovulala amene ndikumudziwa ndingamugwiritse ntchito. Amene amandipweteka ndi wobisa, amandigwera pakati pa ligi. Chaka chimodzi. Uzisewera Loweruka lokha. Masiku enawo uzindiphunzitsira ana awa kuona."

Murdo anasaina patatsala masiku asanu ndi limodzi kuti chitupa chithe.

Anasewera zaka zitatu. Sanakhale wotchuka. Koma mu 2018, atapachika nsapato, timu yomweyo inamusunga ngati kochi wa osewera akumbuyo. Akuti mpaka pano, asanayambe kutrena, amaimitsa anyamata ake n'kufunsa mmodzimmodzi mmene wadzukira. Woyankha mwachangu kuti ali bwino amafunsidwa kawiri.

Koma tibwerere ku South Bend, tsiku limene anakatenga chikwama chake. Ankayenera kuyamba wapita kwawo kukakonza mapepala a ntchito. Ananyamuka mbandakucha. Alufeyo anali kale panja akupala ayezi pagalasi la galimoto, akudandaula kuti anthu a ku Scotland sadziwa kugona. Flora anatuluka atavala yunifolomu, makiyi m'manja.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

Murdo anaika chikwama pansi. Anayankha m'Chichewa chake chokhotakhota.

"Ndadzuka, alamu. Koma bondoli lauma pang'ono. Ndiponso mtima ukuwawa, chifukwa ndikupita."

"Pepani," anatero Flora. "Bondolo muziliwongola m'ndege. Mtimawo musautaye, tidzaufuna pa mpira wa Amalawi wa pa Julaye 6, tikamamenya a ku Indianapolis."

"Ine tsopano ndine wa ku Indianapolis."

"Ndiye tidzakumenyani bwino."

Galimoto inalira. Inakhota pakona. Kum'mawa kunali kutangoyamba kufiira.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi bondo lanu. Mayeso amene munalephera. Ntchito imene inatha, kunyumba osadziwa. Matenda amene mwamanga bandeji. Mwakhala mukuyankha kuti muli bwino mpaka mwatsala pang'ono kugwa. Pezani munthu amene akafunsa amaima. Muuzeni zonse. Kenako yambani pa wani, ngakhale zikhale zochita za agogo. Mukagwa sabata yachitatu, yambiraninso.

Chilonda chobisa sichipola. Chionetseni, chisamaleni, ndipo mtima wokhawo musautaye.