Nyenyezi Zopanda Lalanje

Kufakitale yathu ya maswiti Khirisimasi imayamba mu Julayi. Anthu akamayamba kuimba nyimbo zake mu Disembala, ife timakhala titatopa nayo kalekale, miyendo itatupa, zovala zikununkha shuga wopserera. Ine ndinkagwira pamakina okulunga maswiti m'mapepala, ndipo amene anandipezera malowa ndi alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga. Kuntchito aliyense amawatchula kuti a Lilime, chifukwa kwa zaka 27 ntchito yawo inali yolawa maswiti asanapite kumasitolo.

Anthu akamva zimenezi amaseka, ati ntchito yokoma bwanji, munthu kumangodya maswiti tsiku lonse. Ine mawu amenewa amandipsetsa mtima. Kachipinda kolawira kalibe zenera. Muli tebulo loyera, mpando wolimba, ketulo ya madzi ofunda, buledi wouma wochotsera kukoma kwa switi yapitayo, ndi chidebe cholavuliramo pansi pa tebulo. Nyali yake ndi yofiira kuti maso asanyenge lilime, moti switi yobiriwira ndi yachikasu zimaoneka chimodzimodzi. Alamu ankaika switi mkamwa, kuitembenuza katatu, kuiphwanya ndi dzino la kumanja, kudikira pang'ono, kenako kulavula. Pa zaka zonsezo sanamezepo ngakhale imodzi, chifukwa munthu womeza safika masana lilime lili bwino. Akatha ankalemba pakhadi mawu amodzi, "Apite" kapena "Abwerere," ndi kusaina.

Ntchitoyi inkawatsatira mpaka kunyumba. Sankadzola mafuta onunkhira, sankamwa tiyi wotentha kwambiri, ndipo tsabola analetsedwa kulowa m'khitchini mwawo. Amuna awo, amene kale ankayendetsa basi, ankakonda tsabola ngati mwana wawo, koma anazolowera kubisa kabotolo m'thumba la jekete ndi kukadyera panja. Ankati anakwatira mkazi ndi lilime lake, ndipo pa awiriwa mwini nyumba ndi lilime.

Pakamwa pa alamu sipankanyengerera munthu. Tofi wa chaka china anati akumata mano ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Chokoleti choumbidwa ngati belu anati chikukoma polowa, koma potuluka chikusiya sopo. Ophika maswiti, bambo wonenepa amene timangomutcha a Mphika, ankatuluka thukuta akamva kuti khadi labwera. Koma maswiti amene alamu ankawanyadira ndi a nyenyezi, agolide, a fungo la lalanje, amene timapanga pa Khirisimasi pokha. Muyezo wa mafuta a makoko a lalanje anaukonza ndi iwowo ali mtsikana, atabweza miphika isanu ndi umodzi motsatizana. Ankati nyenyezi yabwino imayamba ndi kutsekemera, kenako kuwawasa pang'ono m'mbali mwa lilime, ndipo lalanje limabwera pomaliza, kutulukira m'mphuno.

Kumayambiriro kwa chaka chatha anadwala chimfine chachikulu, chimene chinawagoneka masabata awiri. Anachira, anabwerera kuntchito, tonse tinaiwala. Koma kuyambira pamenepo anayamba khalidwe lachilendo. Nthawi yopuma ankandikodola pakhomo pa kachipinda kawo.

"Alamu, tabwerani mundithandize kumwa madziwa, ndili ndekhandekha muno," ankatero. Ndikakhala pansi ankandikankhira kambale. "Ingolawani kamodzi, musachite manyazi."

Ine maswiti sindiwafuna n'komwe. Kufakitale kulibe munthu amene amadya maswiti, tonse anatikola kalekale. Koma alamu ako akulu, amenenso anakupezera ntchito, ungawakanire bwanji? Ndinkalawa, iwo n'kumandiyang'ana kumaso osaphethira.

"Mwamuona bwanji sitiroberiyu?"

"Wachuluka, akuchita ngati mankhwala a chifuwa."

"Inenso ndimaona choncho," ankayankha, n'kulemba pakhadi.

Ndinkadzimva kuti ndakwera, poganiza kuti akundiphunzitsa ntchito. Zoona zake ndinazidziwa Loweruka lina masana nditapita kunyumba kwawo. Ndili pageti ndinamva fungo la mkaka wopserera. Ndinathamangira kukhitchini, ndipo ndinawapeza atakhala pafupi ndi mbaula, atapatsa poto msana, akusoka batani la malaya mwamtendere. Utsi unali utayamba kale kutuluka.

Ndinaphula potoyo. Tinayang'anana. Kenako anaika singano pansi.

"Kutsekemera ndimakumva, mchere ndimaumva, chowawasa ndimachimva," anatero motsitsa mawu. "Koma fungo linapita ndi chimfine chija. Lalanje, sitiroberi, khofi, zonse zangokhala madzi a shuga. Adokotala akuti mwina lidzabwerera, mwina ayi."

"Ndiye miyezi yonseyi mwandisandutsa lilime lanu osandiuza?"

"Ndikanakuuzani mukanayamba kuchita mantha, nkhope yanu ikanasiya kunena zoona."

Ndinakwiya, sindikubisa. Ndinawauza kuti akusewera ndi moto, ndipo tsiku likadzafika tidzapsa tonse awiri. Iwo anangoti akufuna kufikitsa Khirisimasi imodzi yokha, nyenyezi za chaka chino zituluke ndi dzina lawo pakhadi, kenako adzapita okha kwa abwana. Anati munthu amene watchedwa a Lilime zaka 27 sangangodzuka m'mawa n'kukhala mayi wamba wopanda dzina. Ndinawamvera chisoni, ndipo chisoni chomwecho chinanditseka pakamwa.

Tinapitiriza choncho, ine kulawa nthawi yopuma, iwo kusaina. Kunena zoona, zambiri ankazidziwabe popanda ine. Ankamva ndi khutu ngati switi yapsa bwino, malinga ndi mmene yaphwanyikira padzino. Ankadziwa ndi chala ngati idzamata papepala kukatentha. Chimene chinkawasowa ndi fungo lokha, koma pa maswiti a Khirisimasi fungo ndiye mwini nkhani. Ine ndinkabwerera pamakina nseru ili pakhosi, ndipo pofika Okutobala dzino langa lakumanzere linayamba kundisowetsa tulo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku limene ndinapita kukachotsa dzinolo ndi lomwe a Mphika anasintha ndondomeko n'kuphika nyenyezi, m'malo mwa Lachisanu monga zinalembedwera. Tsikulo anali ndi miphika itatu pamoto nthawi imodzi. Anathira shuga, anathira utoto wagolide, anathira chowawasa, koma botolo la mafuta a lalanje linatsala pashelefu losatsegula. Maswiti anatuluka okongola, owala, ophwanyika bwino. Alamu analawa okha pansi pa nyali yofiira ija, anamva kutsekemera, anamva kuwawasa, anamva kuphwanyika, ndipo analemba kuti "Apite."

M'mawa mwake ndinafika tsaya litatupa, ndinapeza nyenyezi zikuyenda kale palamba wa makina. Palibe amene anaona cholakwika. M'fakitale muja makoma enieniwo amanunkha lalanje ndi zina zonse zosakanikirana, moti mphuno zathu zinafa kalekale. Ine ndinangoti ndione mmene nyenyezi za alamu zatulukira chaka chino. Ndinatola kachidutswa kothyoka, ndinakaika mkamwa mbali yopanda bala, ndinadikira. Kutsekemera kunabwera, kuwawasa kunabwera. Ndinadikirabe, koma lalanje silinabwere. Ndinatola ina, kenako yachitatu ya m'katoni ina. Zonse zinali chimodzimodzi.

Makatoni anali ataunjikidwa kale pakhomo lalikulu, ndipo malole amabwera ikakwana 12 koloko. Ndinapempha mnzanga kuti andigwirire makina, ndinapita kukachipinda kuja ndi kutseka chitseko.

"Alamu, nyenyezi zija mulibe lalanje."

Anandiyang'ana ngati sanamve. "Lachepa?"

"Mulibiretu. Ndalawa zitatu."

Anatenga imodzi pambale, anaiika mkamwa, anaitembenuza katatu monga mwa masiku onse, ngati kuti mwina lero lilime liwachitira chifundo. Analavula, anapukuta pakamwa.

Ine mutu unali utathamanga kale. "Mverani," ndinatero, "wolakwa ndi a Mphika, botolo ndaliona lili pashelefu. Pitani mukanene kuti mwalawanso m'mawa uno ndipo mwapeza vuto. Mukati dzulo munapatsidwa mbale ya mphika wina. Ndani angatsutse a Lilime?"

"Palibe angatsutse," anayankha. "N'chifukwa chake sindinganene choncho. A Mphika anaiwala botolo, zimachitika, munthu ali ndi manja awiri okha. Ine anandiika pampando uno kuti iwo akaiwala ndigwire. Ndikawakankhira zonse, achotsedwa ntchito pa mlandu wa anthu awiri. Ndipo mawa mukadzachotsa dzino lina?"

Anaimirira pang'onopang'ono atagwira tebulo, monga amachitira mawondo akawavuta, anatenga khadi lija ndi kutuluka. Ndinawatsatira mpaka pakhomo pa ofesi, chitseko anachisiya chotsegula. Abwana athu ndi munthu wofatsa, amene anabwera pafakitale alamu atagwira kale zaka khumi. Anaimirira powalandira.

"Bwana, imitsani makatoni a nyenyezi, asakwere lole," anatero alamu. "Mulibe lalanje. Ndinasaina ndine, ndipo ndinasaina chifukwa sindimvanso fungo. Papita miyezi isanu ndi inayi. Ndinabisa, ndalakwa."

Abwana anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali. Anaimba foni kuti malole adikire. Kenako anafunsa kuti nanga makhadi a miyezi yonseyi ankayenda bwanji, ndipo alamu anangoti panali wowathandiza, osatchula dzina. Abwana anasuzumira pakhomo, anaona ine ndi tsaya langa lotupa, sanafunsenso. Anati alamu akhoza kutsala kuti aziyang'anira kaphwanyikidwe ndi kamatidwe ka maswiti, pamene kulawa kupatsidwe kwa wina. Alamu anathokoza, koma anakana. Anati sangakhale m'kachipinda kamene kaja n'kumaonerera pakamwa pa munthu wina, achita kale zimenezo mokwanira.

Nyenyezi zonse zinabwerera mumphika. Tinagwira masiku anayi owonjezera kumasula mapepala amene tinali titakulunga kale, imodziimodzi ndi manja, zala mpaka kuchita matuza. Anthu anang'ung'udza, ena ananena mawu oipa, ndipo ena mwa iwo ndi omwe alamu anawalowetsa ntchito. A Mphika analandira kalata yowachenjeza. Tsiku limene alamu ankapachika gauni yawo yoyera komaliza, bamboyo anawanyamulira chikwama mpaka pageti.

Popita kunyumba tsiku limenelo anaima pamsika n'kugula mulu wa tsabola wofiira. Amuna awo ataona tsabola patebulo anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana ine, anadziwa okha kuti ntchito yolawa yatha. Alamu anadula mmodzi, anasakaniza mu mpunga wawo, anadya misozi ikutsika.

"Uyu yekha ndikumumva," anatero, akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Amuna awo anatulutsa kabotolo kawo m'jekete, anakaika pakati pa tebulo, ndipo mpaka lero kamakhala pomwepo.

Mpando wolawira anapatsa ine, poyembekezera kupeza munthu amene anaphunzira ntchitoyi kusukulu, amene mpaka pano sanapezeke. Sindinaufune, ndipo sindiukonda. Tsopano ndine amene sindidzola mafuta onunkhira, ndipo amuna anga ayamba kudandaula za ndiwo zozizira. Madzulo ndimafika kunyumba lilime lili dzanzi, osafuna kuyankhula ndi munthu. Khadi la nyenyezi zophikidwanso ndinasaina ndine.

Pa tsiku la Khirisimasi masana tinakadya kwa alamu. Titatha kudya ndinatulutsa paketi ya nyenyezi m'chikwama. Ndinali nditalimbana nayo mumtima njira yonse, kuti kodi ndi mphatso kapena chipongwe. Anailandira ndi manja awiri, anamasula imodzi, anaiyang'anitsa pa kuwala kwa pazenera, poti zaka zonsezi ankaziona pa nyali yofiira. Anaiika mkamwa, anaitembenuza katatu. Ndinaona maso awo akufunafuna pansi pa tebulo pamene pamakhala chidebe. Kenako anakumbukira, anatsamira pampando, anaisiya isungunuke yokha mpaka anameza.

"Yoyamba imeneyi kulowa m'mimba mwanga," anatero, akuseka pang'ono. Anandikankhira paketi ija. "Tengani yanu, alamu, tiyambire limodzi."

Ndinatenga, nawonso anatenga yachiwiri. Tinaziika mkamwa, amuna athu akutiyang'ana.

"Kutsekemera ndakumva," anatero. "Kuwawasa uku kwafika." Anadikira pang'ono, atatseka maso. "Likafika mundiuze."

Ndinadikira mpaka lalanje litakwera m'mphuno mwanga, ndipo ndinawagwira dzanja.

"Ndi limeneli, alamu. Lafika tsopano."

Anagwedeza mutu, maso ali chitsekere. "Lachedwa pang'ono," anatero. "Chaka chamawa muwauze a Mphika awonjezere kadontho."