Malaya Omwe Anaveka Nthochi

Malaya aja ndimawakumbukira kuposa nkhope ya mwini wake. Anali a mizere yobiriwira, operepeseka pakhosi, onunkha utsi ndi usipa. Mwini wakeyo anali bambo a mnzanga wapamtima, mtsikana amene tinkayandikana naye nyumba m'mudzi mwathu kunyanja, kumunsi kwa Khombedza. Tonse tinali kupulayimale, tisanayambe n'kusamba tokha bwinobwino.

Chaka chimenecho mwera unavuta. Mchenga unkalowa m'maso ndi m'ndiwo momwe. Bambowo analowa m'nyanja kukapha usipa, koma bwato linabwerera lokha, litagadabuzika. Amuna anafufuza m'mabango ndi m'miyala mpaka anatopa, thupi osapezeka.

Kwathu munthu akasowa m'madzi chonchi, maliro amachitika ndithu. Amadula thunthu la nthochi n'kuliika m'manda m'malo mwa mtembo. Zimenezi ana sauzidwa, choncho ife anatithamangitsira kwa azakhali anga. Ndi makutu athu ouma aja tinazemba, n'kukasuzumira pampanda wa bango. Tinaona amalume ake a mnzanga akuliveka thunthulo malaya aja. Ankamanga mabatani akulira, madzi a nthochi akudonthera pamphasa.

Mnzanga anandifinya dzanja, maso akuwala. "Ndiye kuti ababa sanafe," anandinong'oneza.

Bokosi likutuluka pakhomo, mayi ake anadzigwetsa pansi n'kumagubuduka m'fumbi. Mnzangayo anangoima pakhonde, wopanda ndi msozi umodzi womwe. Amayi akutchalitchi ankalozerana ndi milomo, ati mwana wouma mtima. Anthu amenewo ndimawakwiyirabe mpaka lero. Nyimbo zamaliro ankazidziwa zonse pamtima, koma panalibe mmodzi woti n'kukhala pansi ndi mwana, n'kumufunsa chomwe chili m'mutu mwake.

Nyengo yonse ya mwera, mnzanga ankanyamuka m'mawa ndi makope m'jumbo ngati akupita kusukulu, n'kukhotera kudoko. Masiku ambiri ndinkamutsatira. Tinkakhala kuseri kwa matandala oyanikapo usipa, miyendo itatuwa mbuu, mphepo ikulowa m'diresi. Bwato likangoonekera patali iye ankaimirira, likafika n'kutsika anthu ena ankakhalanso pansi. M'thumba ankasunga kachidutswa ka chinangwa, ati ababa abwera ndi njala.

Aphunzitsi anabwera kunyumba kwawo panjinga. Mawu awo ndimawakumbukira: "Mwana uyu ndi wanzeru, musamutaye." Mayi ake anangozolika. Tsiku lina atawapeza akulira kuseri kwa nyumba, mnzanga anawafunsa kuti akulirira nthochi chifukwa chiyani. Anamumenya khofi lomveka mpaka kwathu, kenako anamukumbatira n'kulira mokweza, koma sanamufotokozere kanthu. Mayi anga anandiletsa zakudoko ndi kamtengo m'manja. Ine ndinabwerera kusukulu, iye sanabwererenso.

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kuchokera ku Lilongwe, patatha zaka zambiri. Ndinatsika minibasi pa Khombedza, n'kukwera kabaza. Sindinafunse komwe mnzanga uja amakhala, ndinangolunjika kudoko. Ndinamupeza akuyanika usipa, imvi zikusuzumira m'duku.

"Iwe! Tauni yakukonda eti? Taona masayawo," anandiseka, akundigwira ndi manja a mamba.

Tinatandala limodzi tsiku lonse. Tinatembenuza usipa, tinaotcha chinangwa, tinaseka za njinga ya aphunzitsi yomwe inalibe mabuleki. Anandiuza za mwamuna wa pa boma ku Salima amene anafuna kumutengera kwawo, iye n'kukana kuchoka kunyanja. Koma bwato lililonse likamayandikira, ankadukiza mawu pakati n'kutembenuka. Atatero kangapo anandigwira ndikumuyang'ana.

"Usandiyang'ane choncho, sindine wamisala," anatero. "Ndikudziwa kuti anafa. Ndinadziwa kalekale. Koma khosili limatembenuka lokha."

Ndinafunsa za mayi ake.

"Anatisiya chaka chatha. Anapempha kuti tiwaike pafupi ndi ababa, ndipo tinawaika pomwepo." Anayamba kutola timiyala mu usipa. "Amayi anali ndi mwayi, mnzanga. Zikawavuta ankadziwa komwe mwamuna wawo agona, ankalira n'kudzuka kukaphika. Nanga ine ndilirire kuti? Ndinaona chomwe chili m'bokosi lija. Iwenso unaona."

Ndinaonadi. Pobwerera pakabaza ndinalira mpaka woyendetsa anaima kundifunsa ngati ndikudwala.

Tsiku lija pampanda wa bango, ine ndinakondwa naye mnzanga. Ndinkati tagwira akuluakulu akunama, ndipo ndinkadabwa kuti munthu wamkulu ngati amalume aja angalire bwanji akuveka malaya mtengo. Sindinkadziwa kuti iwo sankanamiza aliyense. Ankafuna kuti mkazi wamasiye ndi mwana wake asiye kuyang'ana kunyanja, akhale ndi malo poti apa ndiye pagona munthu wathu. Mayi analandira malowo, koma mwana anawataya m'mawa womwewo, ine nditamugwira dzanja, tonse tikumwetulira.