Jekete Lomata ndi Guluu

Mwana wanga Chanazi anandionetsa chithunzi pa foni: anthu atavala ngati oyendetsa sitima zamalasha zamakedzana, zipewa zazitali, majekete odzaza ndi zitsulo. Ankafuna kuvala choncho pa chionetsero cha zovala kusukulu kwawo, paboma pa Nsanje.

"Amayi, mungathe kundisokera?"

Ndinati eya, chonsecho singano ine sindiitha. Kupita kwa telala kunandichititsa manyazi. Ndinagula jekete lakuda ndi chipewa pa kaunjika, ndinatola tcheni ndi tizitsulo tina kwa okonza njinga za kabaza, n'kumata zonsezo ndi guluu iye ali kusukulu. Ataliona analumphalumpha, n'kumauza anzake kuti amayi ake asoka pamanja.

Ndinaiwala dzuwa la kwathu kuno. Anawo anawaimika pabwalo masana, guluu n'kusungunuka. Chanazi atangoyamba kuyenda, tizitsulo tinayamba kuyoyoka, tcheni n'kumakhwekhwereka kumbuyo ngati mchira. Anthu anafa nacho chiseko. Iye anawerama kuti atole, chipewa n'kugwanso.

Mayi wina amene ndinakhala naye pabenchi anandikodola. "Kodi mwana wa yani ameneyu? Makolo enawa alibe chisoni."

"Kaya," ndinatero, n'kusekako pang'ono.

Madzulo Chanazi anabwera atanyamula tizitsulo tonse m'chipewa, zala zitatupa chifukwa anatitola tili totentha.

"Pepani amayi, ndawononga zimene munasoka."

Ndinalandira chipewacho, n'kumuuza kuti tsiku lina azisamala.