Yambani Ndinu, Ambuya

Njovu zitalowanso m'munda mwanga ku Malama, ndinati basi, ndikupita ku Lusaka. Chimanga zinadya, maungu zinapondaponda, ine zinandisiyira ndowe zokha. Anthu anati nkhalamba sipita kutauni kukafuna ntchito. Onena zimenezo ndi omwe aja anamva mapesi anga akuthyoka koma osandiimbirako ngakhale chitini chothamangitsira njovuzo.

Chondivuta chinali Misozi, mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi. Ndinamulera ndekha kuyambira akukwawa. Bambo ake amagwira ntchito pa loji ina ya alendo odzaona nyama ku Chinzombo, ndipo anali atakwatira mkazi wina, amake Gift, woseka ndi aliyense. Munthu woseka ndi aliyense ine sindimukhulupirira. Koma kwina komusiya mwanayo kunalibe.

Kwathu wopatsa mlendo munkoyo, chakumwa chonga thobwa, amayamba wamwako yekha, kuti onse aone kuti mulibe kanthu koipa. Ambiri anasiya, amati n'zachikale. Ine sindinasiye. Ndisanakwere galimoto ndinamukokera Misozi kuseri kwa nkhokwe.

"Chakudya chilichonse uchione kaye. Wokupatsayo ayambe ndiye kudya. Akakana, ugone ndi njala. Wamva?"

"Ngakhale amake Gift?"

"Makamaka iwowo."

Ntchito ndinaipeza pa sitolo ina yogulitsa masangweji okhaokha. Mwini wake, mayi woyendayenda m'maiko, ankati kulikonse komwe wafika wapeza anthu akubisa ndiwo pakati pa buledi, ndiye anasonkhanitsa mitundu yonseyo pamalo amodzi. Ndinayamba ndi kutsuka mbale, kenaka kudula anyezi ndi matimati, mpaka anandiika pa tebulo lokonzera.

Ndinaona zambiri pa tebulo limenelo. Shawama ya Aluya, nyama yoseteka kuchokera pa chitsulo chozungulira, n'kuikulunga mu buledi wopyapyala ngati mwana mu chitenje. Kota ya ku Joni, buledi wokumbidwa pakati, muli tchipisi ndi poloni mpaka kusefukira. Ya Amwenye, mbatatesi yosinja yokazinga m'kabanzi, tsabola wake wotulutsa misozi. Ya ku Vietnam, buledi wautali wokhala ndi nkhumba ndi karoti wowawasa. Ya Angelezi ndiyo inkandipsetsa mtima: nkhaka zokhazokha, makoko a buledi onse atadulidwa n'kutayidwa. Makokowo ndinkawatolera m'pepala, ndiwo unali mgonero wanga ndi tiyi.

Chimene chinkandidabwitsa si mitundu yakeyo ayi, koma anthu. Munthu wovala taye amalowa, kulipira, kulandira chinthu chokutidwa kuchokera kwa ine amene sandidziwa dzina, n'kuluma maso ali pa foni. Osatsegula. Osanunkhiza. Dziko lonse, kuyambira kwa Aluya mpaka kwa Angelezi, anthu anagwirizana kudya chakudya chovundikira! Ine masana akandipatsa sangweji yanga ndinkachotsa buledi wapamwamba, n'kusanthula chimodzichimodzi ndi chala.

Bupe, mtsikana wachibemba yemwe ndinkagwira naye ntchito, ankafa nazo kuseka.

"Ambuya, mwataya ndolo m'menemo? Mwakonza nokha imeneyo!"

"Ndinatembenuka kukatenga mchere. Iwe unali pomwepo."

"Ine ndikupheni ndilandire chiyani? Ndowe za njovu zija?"

Ndinkagona m'kachipinda ka lendi ku komboni, khomo nditatsekera ndi ndowa. Tulo sitinkabwera. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse pa foni ya bambo ake, za yunifomu ndi sopo, koma sindinakhulupirirepo kuti zimafika zonse. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ndinkaimba foni. Woyankha nthawi zonse anali amake Gift. "Mwaswera bwanji, amama? Misozi, thamanga, ambuya ako!" Ine moni ndinkamudula pakati.

"Wadya chiyani? Waphika ndani? Analawa?"

"Analawa, ambuya."

"Ukunena zoona, kapena ali pafupi?"

Poyamba ankalira, kufunsa kuti ndibwera liti. Kenaka anasiya kufunsa. Mayankho ake anafupika ngati mchira wa mbuzi. Tsiku lina, m'chaka changa chachitatu, anati, "Dikirani ambuya, amama akundiitana." Amama! Mayi ake ndinawaika m'manda ndi manja anga. Mawu amenewo anandiyenda m'thupi ngati linthumbu. Sabata yomweyo ndinapempha tchuthi, ndinafunsanso malo pa sukulu ya pafupi ndi komboni. Ndinatsimikiza kuti ndikamutenga mwana wanga asanandilande.

Ndinatsika basi ku Chipata n'kugula mabanzi, mazira, kabichi ndi mayonezi. Kutsetsereka kulowa m'chigwa, kutentha kunandilandira ngati sindinachokepo. Ku Chinzombo ndinafika Misozi ali kusukulu. Amake Gift anandiyalira mphasa, akuseka monga mwa masiku onse. Ndinapempha mbaula, ndinakazinga mazira ndekha, ndinakonza sangweji yeniyeni n'kuikuta m'pepala monga tinkachitira kusitolo. Ndinkafuna mwanayo alaweko Lusaka ndisanamuuze za ulendo.

Anabwera wamtali, masaya odzaza, khungu losalala. Ndinamuyang'ana m'maso, m'zikhadabo, m'tsitsi. Chodandaula sindinachipeze, ndipo zimenezo zinandivutanso. Anagwada n'kundipatsa moni ngati kwa mlendo wa kutchalitchi. Ndinamupatsira phukusi lija.

Anafutukula pepala. Anachotsa banzi lapamwamba. Anasuntha kabichi ndi chala, kuyang'ana pansi pa dzira, kununkhiza. Kenaka anatambasula manja onse awiri.

"Yambani ndinu, ambuya."

Sindinama, mtima unanyada. Mwana wanga ameneyo. Ndinaluma, ndinatafuna akuona, ndinameza, n'kumubwezera. Ndinadikira kuti adye.

Sanadye. Anadzuka n'kupita nayo kwa amake Gift, omwe amasenda mtedza pakhonde. Iwo osayang'ana n'komwe mkati analuma, n'kunena kuti, "Ee, ya ku Lusaka ndithu!" Pamenepo mpamene Misozi anakhala pansi pambali pawo n'kudya yonse, mpaka kunyambita pepala.

Ine ndinatsala ndekha pa mphasa paja, mayonezi akadali pamlomo.

"Musadabwe, amama," anatero amake Gift. "Mutangochoka anakana chakudya mpaka anayamba chizungulire. Ndinamunyengerera, ndipo anandiuza lamulo lanu. Ndinati chabwino, ndizilawa. Chiyambire tsiku limenelo sadya kanthu ndisanalumeko. Phala, mango, ngakhale switi ya kutchalitchi amabwera nayo kunyumba. Onani m'mene ndanenepera, ndi ntchito yanu imeneyi!"

Anaseka. Ndinawayang'anitsitsa kuti ndipeze pomwe pabisala mkwiyo, chifukwa mkazi ameneyu anadziwa kalekale kuti lamulolo ndinaikira iye. Ndinasanthula nkhope yonse ngati sangweji ya kusitolo ija. Sindinapeze kanthu.

Za sukulu ya ku Lusaka sindinazitchule. Ndinaganiza za mwanayo ali yekha m'kachipinda kotsekera ndi ndowa, ine ndili kuntchito, m'tauni momwe chakudya chilichonse n'chokutidwa ndipo womulawira palibe. Kunoko anali naye. Sanali ine ayi, koma anali naye. Ndinaona kuti basi yobwerera ndidzakwera ndekha.

Dzuwa litapendeka amake Gift anabwera ndi munkoyo m'kapu ya pulasitiki. Anagwada, anandipatsira, mwana wawo wamng'ono n'kulira m'nyumba, iwo n'kuthamangira komweko osalawa. Ndinakhala nditaigwira kapuyo. Pakhosi panali gwa ndi ludzu la ulendo wonse, koma dzanja linakana kukwera.

Misozi anandiyang'ana, anayang'ana kapu. Anasendera pafupi mpaka bondo lake linakhudza langa. Anailanda, anamwako kawiri, anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, n'kundibwezera.

"Imwani, ambuya. Mulibe kanthu."

Ndinamwa wonse. Pansi pa kapu ndinasuzumirapo ndithu, koma ndinali nditameza kale.